Ankandiyamikira kuti Chibama ndachidziwa, koma mayeso ake ndinalephera

Mu Novembala 2018 ndinalowa m'chipinda cha mayeso pasukulu ina yophunzitsa ziyankhulo mumzinda wa Yangon ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndikhoza. Pa nthawiyo ndinali nditakhala m'dziko la Myanmar kwa chaka chimodzi ndi miyezi inayi, ndipo kulikonse kumene ndinkapita, kaya ndi kumsika, m'basi kapena m'midzi, anthu ankandiuza kuti ndimayankhula Chibama ngati wobadwira komweko. Zotsatira zitabwera patapita milungu iwiri, zinaonetsa kuti gawo la kumvetsera ndi la kuyankhula ndinakhoza, koma pa gawo la kuwerenga ndi la kulemba sindinafike ngakhale theka la malikisi. Ndikulemba izi poganizira munthu wina woyankhula Chichewa amene ntchito, maphunziro kapena banja zidzamufikitse pa chiyankhulo chimenechi, kuti asadzataye chaka chathunthu pa njira imene ine ndinasochera nayo.

Ndinapita ku Myanmar mu Julayi 2017 ngati mlangizi wa zaulimi pansi pa bungwe lina lothandiza alimi ang'onoang'ono. Ananditumiza m'chigawo cha Magway, chapakati pa dzikolo, kumene mvula imagwa yochepa ndipo m'mwezi wa Epulo kumatentha moti masana munthu sayerekeza kuponda pansi wopanda nsapato. Mbewu za kumeneko sizinali zachilendo kwa ine: nandolo, mtedza ndi chitowe. Nandolo wambiri amene alimi a ku Magway amakolola amakathera ku India, msika womwewo umene nandolo wa ku Mulanje ndi ku Phalombe amapitako, choncho mitengo ikagwa madandaulo a alimi ankamveka ngati akwathu. Bungwe linandipatsa womasulira kwa chaka choyamba, koma mgwirizano unanena mosabisa kuti kuti andionjezere nthawi ya ntchito ndiyenera kuonetsa satifiketi yotsimikizira kuti ndikhoza kugwira ntchito ndekha m'Chibama. Mawu akuti kugwira ntchito ndinawamva ngati akutanthauza kucheza ndi alimi basi. Sindinafunse kuti mayesowo adzayesa chiyani.

Chibama, chimene boma la kumeneko limachitcha chiyankhulo cha Myanmar, ndi chiyankhulo cha mtundu wa Bamar, ndipo anthu oposa 30 miliyoni amachiyamwira. Enanso mamiliyoni ambiri a mitundu monga Shan, Kayin, Kachin, Chin ndi Mon amachiphunzira kusukulu ngati chiyankhulo chachiwiri, poti ndicho cha boma m'dziko limene limawerenga mitundu 135. Sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la United States imachiika m'gulu la ziyankhulo zovuta, ndipo imati munthu woyankhula Chingerezi amafunika milungu 44, kapena kuti maola 1,100 a m'kalasi, kuti achidziwe mokwanira kugwirira ntchito. Chiwerengero chimenecho anachiyeza pa anthu obadwa ndi Chingerezi. Ife oyankhula Chichewa timayamba ulendowu tili ndi kamba amene iwo alibe, ndipo kamba ameneyu ndi amenenso anandipusitsa.

M'kalasi yanga yoyamba ku Yangon, imene inatenga milungu inayi ndisanapite kumudzi, tinalimo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo anzanga onse anali ochokera ku Ulaya ndi ku Australia. Tsiku lina mphunzitsi anatiuza kuti titchule mawu akuti nga, amene amatanthauza nsomba komanso nambala 5. Liwu loyamba la mawuwa ndi lomwe lija timayambira potchula ng'ombe kapena ng'oma. Anzanga anavutika nalo mpaka nthawi yopuma, pamene ine ndinangolitchula kamodzi mphunzitsi n'kuomba m'manja. Chimodzimodzinso kusiyanitsa k ndi kh, p ndi ph, t ndi th: munthu amene amadziwa kuti kala si khala, ndiponso kuti pala si phala, safunika kuuzidwa kawiri kuti mpweya wotuluka pambuyo pa chilembo umasintha tanthauzo. Ngakhale nkhani yoti kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha mawu sinandidabwitse, popeza mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timausiyanitsa ndi khutu. Powerenga zinthu, Chibama chimayamba ndi dzina, kenako nambala, kenako kamawu kosonyeza gulu la chinthucho: anthu awiri ndi lu hna yauk, ng'ombe ziwiri ndi nwa hna kaung. Kwa munthu amene anazolowera kuti awiri, ziwiri ndi iwiri zimatsata gulu la dzina, zimenezi sizoopsa.

Koma kufanana kumathera pamenepo. M'Chibama pafupifupi phatikizo lililonse lili ndi kamvekedwe kake, ndipo mawu ambiri ndi a phatikizo limodzi lokha, choncho ukaphonya kamvekedwe palibe china chotsala choti womvera agwirepo. Pali liwu lotsika lokhala ngati likungoyenda pansi, pali lokwera lotalika limene limagwa kumapeto, pali lalifupi lomveka ngati likuthinidwa pakhosi, ndiponso pali lodukiza mwadzidzidzi. Mawu akuti sa ukawatchula motsika ndi zolemba kapena kalata, ukawakweza ndi kudya, ukawathina ndi kuyamba, ndipo ukaonjezera mpweya n'kukweza asanduka mchere. Palinso maliwu a m'mphuno amene amatchulidwa ndi mpweya wokha poyamba, monga hm ndi hn, omwe Chichewa chilibe. Dzina la chitowe, mbewu imene ndinkaitchula tsiku lililonse pantchito, ndi hnan, ndipo zinanditengera miyezi kuti alimi asiye kuyang'anana ndikalitchula.

Kulakwitsa kwanga kwakukulu ndinakuchita mu mlungu wachiwiri weniweni. Nditaona zilembo zawo zozungulirazungulira ngati mazira a nkhunda, ndinadziuza kuti ine ndabwera kudzalangiza alimi, sindinabwere kudzawerenga mabuku, choncho zilembo ndidzaziona m'tsogolo. Ndinagula kope, ndipo mawu alionse atsopano ndinkawalemba m'zilembo zathu zomwezi, potengera mmene womasulira wanga kapena zikwangwani za m'misewu zinkawalembera. Vuto n'lakuti kalembedwe kameneka kali ndi misampha imene imakola makamaka munthu wa Chichewa. Kumeneko akalemba th amatanthauza liwu lotchulidwa lilime lili pakati pa mano, ngati lija la m'Chingerezi pa mawu akuti three, pamene liwu limene ife timalemba th, monga pa thumba kapena thobwa, iwo amalilemba ht. Ine ndikatsegula kope langa, maso ankaona th ndipo lilime linkachita zimene linazolowera kuyambira ku sitandade 1.

Mu Meyi 2018, mvula ili pafupi kuyamba, ndinapita ndekha kwa bambo wina wachikulire kukapangana naye zoti atigaulire munda wachitsanzo ndi ng'ombe zake. Ofesi inali itavomereza makyat 20,000. M'Chibama 10,000 ndi thaung, ndipo 1,000 ndi htaung. Ndinakhala pa benchi ya nsungwi pansi pa nyumba yawo, anandithirira tiyi wopanda shuga m'kapu kakang'ono, ndinatsegula kope n'kuwerenga molimba mtima kuti hna thaung, koma ndi th wa Chichewa. Zimene bamboyo anamva ndi makyat 2,000, ndalama yosakwana n'komwe kulipira munthu wa ganyu wa tsiku limodzi, osanenanso za ng'ombe ziwiri ndi pulawo. Sanakwiye, sanatsutse. Anayang'ana ng'ombe zake kwa kanthawi, anamwetulira, anati chabwino, n'kundionjezera tiyi. Mmawa mwake munda anaugaula wonse. Ndinadziwa zimene zinachitika patapita masiku atatu, pamene dalaivala wathu anandifunsa mwaulemu ngati bungwe lathu lasauka chotere, poti mudzi wonse unkakamba za mlendo wolipira ng'ombe ngati akugula mtolo wa masamba.

Dalaivalayo ndi amene anandiphunzitsa mawu akuti anade. Ndi mtima umene umamugwira munthu wa kumeneko moti amalephera kukana, kudzudzula kapena kupempha chinthu poopa kuvutitsa mnzake kapena kumuchititsa manyazi. Kwathu timadziwa manyazi a ulemu amene amachititsa mkamwini kunena kuti wakhuta ali ndi njala, koma kumeneko khalidweli lili ndi dzina lakelake ndipo limalowa paliponse. Ndinabwerera kwa bamboyo ndi ndalama yonse ndi kupepesa, nkhani n'kutha mwa kuseka. Chimene sindinachizindikire pa tsikulo n'chakuti anade yomweyo ndi imene inkayankhula pamene anthu ankandiyamikira. Mlendo, makamaka wochokera ku Africa amene ambiri anali asanamuonepo, akangopereka moni wawo wakuti mingalaba, kapena kufunsa kuti sa pyi bi la, kutanthauza kuti mwadya kale, anthu amasangalala moona mtima ndipo amamuuza kuti chiyankhulo wachidziwa. Palibe amene amamukonza. Kwa miyezi isanu ndinkamaliza ziganizo zanga ndi kamawu kaulemu kakuti shin ndi kudzitchula kuti kyama, mmene ndinkamvera kwa mphunzitsi wanga wamkazi, osadziwa kuti amenewo ndi mawu a amayi, ndipo mwamuna amati khinbya ndi kyanaw. Amene anandiuza anali mwana wa zaka ngati zisanu ndi ziwiri, amene anade inali isanamukhwimire.

Mayeso a Novembala aja anali ndi magawo anayi. Pa kumvetsera anatiseweretsa zokambirana za pamsika, za pokwerera basi ndi za kuchipatala, ndipo ndinayankha mosavuta. Pa kuyankhula ndinakhala ndi aphunzitsi awiri kwa mphindi khumi ndi zisanu, ndinawafotokozera za banja langa ndi za kalimidwe ka nandolo mpaka anaseka. Kenako anatipatsa pepala la kuwerenga. Zilembo ndinali nditaziloweza mothamanga m'miyezi iwiri yomaliza, choncho ndinkatha kuzitchula chimodzichimodzi ngati mwana wa sitandade 2, koma chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti ngakhale mawu amene ndinawatchula bwinobwino sindinawazindikire. Nkhaniyo inali chidziwitso chachifupi chonga cha m'nyuzipepala, chokamba za kutsekedwa kwa msewu, ndipo chiganizo chilichonse chinkathera ndi kamawu kakuti thi, kamene ndinali ndisanakamvepo pakamwa pa munthu aliyense m'chaka chonse chimene ndinakhala m'midzi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chibama chili ndi mitundu iwiri imene imayendera limodzi: choyankhula ndi cholemba. Maina a zinthu ndi aneni ambiri ndi omwewo, koma timawu tating'onoting'ono timene timamanga chiganizo timasinthiratu, ndipo m'chiyankhulo chimene mneni amabwera kumapeto ndipo ntchito ya dzina lililonse imadziwika ndi kamawu kolitsatira, timawu timeneti ndiye msana wa zonse. Pamene woyankhula amamaliza chiganizo ndi de, wolemba amaika thi. Pa zam'tsogolo woyankhula amati me, wolemba amati myi. Kamawu kolumikiza kofanana ndi kathu kakuti ndi kamakhala ne poyankhula koma hnin polemba. Kosonyeza malo ndi hma poyankhula, koma polemba ndi twin kapena hnaik. Mawu akuti ichi amakhala di pakamwa, koma i papepala. Nyuzipepala, makalata a boma, mabuku a sukulu, zikwangwani, mapangano ndi mafomu nthawi zambiri zimakhala m'Chibama cholemba. Mwana wa kumeneko amachiphunzira kusukulu kwa zaka zambiri, moti akakula saonanso kuti n'chachilendo, ndiye chifukwa chake palibe mnzanga aliyense wa kuntchito amene anaganiza zondichenjeza. M'Chichewa kalata ya kwa mfumu ndi macheza a pa bawo zimasiyana ulemu ndi kasankhidwe ka mawu, koma malamulo a chiganizo ndi amodzi. Ine ndinaganiza kuti kulikonse zili choncho.

Gawo la kulemba linali ndi lembetso ndi chimangirizo chachifupi. Lembetso ndi limene linandivula. Kalembedwe ka Chibama kanasunga katchulidwe ka zaka mazana ambiri zapitazo, pamene pakamwa pa anthu panasintha. Pali zizindikiro ziwiri zosiyana zimene lero zonse zimatchulidwa y, koma chimodzi kale chinali r, ndipo anthu a ku Rakhine amachitchulabe r mpaka pano, n'chifukwa chake mzinda umodzi womwewo unadziwika kuti Rangoon komanso Yangon. Mawu othera ndi liwu lodukiza akhoza kulembedwa ndi t kapena p kumapeto koma n'kumveka chimodzimodzi, ndipo othera m'mphuno akhoza kulembedwa ndi n, ndi m, kapena ndi kadontho pamwamba. Ndiponso mawu akalumikizana amafewa: zikomo wawo amamveka kuti kyay zu tin ba de, koma papepala ba ameneyo ndi pa, ndipo de ndi te. Iwo ali ndi mwambi wakuti ye daw ahman, hpat taw athan, kutanthauza kuti polemba lemba zolondola, powerenga tsata mmene zimamvekera. Ine ndinalemba zonse mmene zinkamvekera, monga timachitira m'Chichewa, ndipo pepala linabwerera lofiira.

Bungwe linandichitira chifundo n'kundipatsa chaka china kuti ndidzayesenso. Ndinapeza mayi wina wopuma pantchito ya uphunzitsi wa pulayimale m'tauni ya Magway, amene ndinkangomutcha Sayama, dzina laulemu la mphunzitsi wamkazi. Tsiku loyamba anapempha kope langa lija, analitsegula masamba awiri atatu, n'kuliika pamwamba pa kabati. Anati, "Saya, ili mudzalitenga tsiku lopita kwanu." Kenako anandipatsa kope la mizere la ana ndi pensulo, n'kundiuza kuti ndidzaze masamba atatu ndi kabwalo kozungulira kamene amakatcha wa lone, komwe mwana aliyense wa kumeneko amayambira. Ndinali ndi zaka 41, ndili ndi digiri, ndikujambula timazira mdzukulu wake akundiyang'ana. Koma kabwaloko ndiko maziko a zilembo zambiri mwa makonsonanti 33, ndipo dzanja likakazolowera zina zonse zimangokhala kabwalo kotseguka kumanzere, kumanja, pamwamba kapena pansi, kapena timabwalo tiwiri tolumikizana. Zilembozo zili ndi maina osangalatsa ofotokoza maonekedwe ake, monga ka gyi, ka wamkulu, kha gway, kha wopindika, ndi ga nge, ga wamng'ono. Anthu amafotokoza kuti zinakhala zozungulira chifukwa kale ankalemba pa masamba a mgwalangwa ndi kachitsulo kosongoka, ndipo mzere woongoka ukanang'amba tsamba. Nditapita ku Bagan pa tchuthi ndinakaona mwala wa Myazedi, wa cha m'ma 1113, umene uli ndi uthenga umodzi m'ziyankhulo zinayi, Chibama, Chimon, Chipyu ndi Chipali, ndipo zilembo za pamwalapo n'zamakona kusiyana ndi za lero.

Zinanditengera milungu isanu ndi umodzi ya ola limodzi patsiku kuti ndiziwerenga mosadodoma kwambiri, ndipo ndikaganiza kuti ndinazithawa kwa chaka chathunthu ndimadziseka. Zovuta zake zilipo koma n'zowerengeka. Vawelo ya e imalembedwa kumanzere kwa konsonanti ngakhale imatchulidwa pambuyo pake. Mawu obwerekedwa ku Chipali amasanjikiza makonsonanti wina pansi pa mnzake. Pakati pa mawu saika mpata, amangolekanitsa zigawo za chiganizo, choncho woyamba kumene sadziwa pamene mawu athera. Manambala ali ndi zizindikiro zawozawo, ndipo 0 amafanana ndi chilembo wa, 7 amafanana ndi ya gauk, 8 amafanana ndi ga nge. Phindu lake ndinaliona msanga: zilembozo zimaonetsa kamvekedwe ka phatikizo lililonse, moti thaung ndi htaung papepala n'zosiyana ngati mbuzi ndi nkhuku, ndipo katchulidwe kanga kanakonzeka chifukwa chowerenga kuposa mmene kanakonzekera chifukwa chomvetsera. Tsiku lililonse Sayama ankadula kachidutswa ka nyuzipepala, ine n'kukawerenga mokweza, kenako n'kukanena m'Chibama choyankhula ngati ndikuuza mnzanga m'nyumba ya tiyi. Tikatero tinkachita mobwerera: ndimuuze zimene ndachita kumunda, kenako ndizilembe m'Chibama cholemba. Ntchito yotembenuza imeneyi ndi imene ndingalimbikitse aliyense wokonzekera mayeso, kuposa kuloweza mindandanda ya mawu.

Panali vuto lina la nthawi imeneyo limene munthu angakumane nalobe akamafufuza zolemba zakale pa intaneti. Kompyuta yanga inkalemba Chibama m'njira ya Unicode, pamene mafoni ambiri m'dzikolo, kuphatikizapo ya Sayama, ankagwiritsa ntchito njira ina yotchedwa Zawgyi, ndipo chimangirizo changa chikafika kwa iye zilembo zinkabalalika ngati nyerere zothiridwa madzi. Boma linakhazikitsa 1 Okutobala 2019 ngati tsiku losamukira ku Unicode, ndipo kuchokera pamenepo zinthu zinayamba kuwongokera. Wophunzira lero ayambe ndi Unicode basi, koma akaona tsamba lakale looneka losokonekera asafulumire kuganiza kuti waiwala kuwerenga.

Mu Okutobala 2019 ndinalembanso mayeso pasukulu yomwe ija ndipo ndinakhoza magawo onse anayi, ngakhale lembetso ndinangodutsa pang'ono. Bungwe langa linakhutira. Koma patapita miyezi iwiri, nditafunsira ntchito ina yapamwamba ku bungwe lina, anandiyankha kuti satifiketi yangayo sakuidziwa, popeza inali ya sukulu yoima payokha ndipo sinanene kuti mulingo wanga ukufanana ndi uti pa miyezo yodziwika. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya kawiri. Chibama chilibe mayeso amodzi odziwika dziko lonse lapansi monga mmene IELTS ilili pa Chingerezi kapena JLPT pa Chijapani, choncho njira zimene zilipo n'zosiyanasiyana ndipo iliyonse ili ndi anthu ake oikhulupirira. Yangon University of Foreign Languages, imene inayamba mu 1964, ndi inzake ya ku Mandalay zimaphunzitsa Chibama kwa alendo, ndipo pepala la yunivesite ya boma limalemera m'maofesi a m'dzikolo. Pali mayeso otchedwa Myanmar Language Test, kapena MLT mwachidule, amene amadziwika kwambiri pakati pa ophunzira ndi makampani a ku Japan. Mabungwe a ku America amakonda mayeso a pakamwa otchedwa OPI, a bungwe la aphunzitsi a ziyankhulo la ACTFL, pamene a ku Ulaya amafuna kumva za miyezo ya A1 mpaka C2. Musanalipire ndalama iliyonse, funsani amene akufuna satifiketiyo kuti akuuzeni, makamaka polemba, dzina la mayeso amene amawavomereza ndi mulingo umene akufuna. Kenako funsani oyesawo ngati muli kuwerenga ndi kulemba, ngati nkhani zake zili m'Chibama cholemba, ngati mafunso ali m'zilembo za Chibama, ndiponso ngati mudzalemba pamanja kapena pa kompyuta. Chiyambireni pamene asilikali analanda boma pa 1 Febuluwale 2021 moyo wa m'dzikolo unasokonekera kwambiri, choncho tsimikizani tsiku ndi malo kwa oyesawo mwachindunji m'malo modalira zimene zinalembedwa zaka zapitazo.

OPI ndinaichita pa foni mu Januwale 2020, ndipo ndi mayeso a mtundu wina kotheratu. Palibe pepala, palibe mafunso oti ungaloweze. Woyesa amacheza nawe kwa nthawi yosapitirira theka la ola, amayamba ndi zosavuta kuti upeze mpweya, kenako amakukweza pang'onopang'ono mpaka pamene chiyankhulo chako chiyamba kugwedera, n'kukubweza pamene unali wokhazikika, n'kukukwezanso. Cholinga chake n'kupeza pansi pamene sugwa ndi denga limene sungalipitirire, choncho ukaona kuti mafunso akuvuta usataye mtima, ndi mmene mayesowo amayendera. Ine ndinayenda bwino pofotokoza ntchito yanga ndi mudzi wakwathu. Titafika pa sewero, anandiuza kuti ndiyerekeze kuti ndabwereka njinga yamoto ya mnzanga, yawonongeka m'manja mwanga, ndipo ndiyenera kumuuza. Mawu ndinali nawo, koma kulumikiza zochitika motsatana, ichi chisanachitike, icho chitachitika, chikhala kuti sindinatero, n'kumene kunandiphunthwitsa, poti m'Chibama zonsezi zimamangidwa ndi timawu tomata pa mneni, ndipo ine ndinazolowera ziganizo zifupizifupi za pamsika. Anandipatsa mulingo wa Intermediate High, umene ndi wapamwamba pa gulu lapakati koma sunafike pa Advanced. Sindinatsutse, chifukwa pamene ndinagwedera ndinapamva ndekha.

Kwa munthu amene akuyambira kutali ndi Myanmar, maphunziro omvetsera a John Okell, amene anaphunzitsa Chibama kwa zaka zambiri ku yunivesite ya SOAS mumzinda wa London, otchedwa Burmese by Ear, amapezeka kwaulere pa intaneti ndipo amathandiza kwambiri pa khutu ndi lilime. Koma amenewo ndi a choyankhula, ndipo ayenera kuyendera limodzi ndi zilembo kuyambira mlungu woyamba. Pezaninso munthu mmodzi amene mwagwirizana naye momveka kuti ntchito yake ndi kukukonzani, makamaka mphunzitsi wa ana, chifukwa ameneyo anazolowera kugwira cholembera chofiira ndipo anade siimuletsa. Ngati ntchito yanu idzakufikitsani m'midzi, muuzeni akuphunzitseninso mmene amayankhulira ndi amonke a Chibuda, popeza misonkhano yambiri ya m'mudzi imachitikira kunyumba ya amonke, ndipo iwo ali ndi mawu awoawo ngakhale a kudya, amawerengedwa ndi kamawu kakuti pa osati yauk, ndipo powayankha umamaliza ndi hpaya. Zimenezi sizinabwere pa mayeso alionse amene ndinalemba, koma ndinkazifuna mlungu uliwonse.

Mu Febuluwale 2020, nthawi yokolola nandolo, kutatsala mwezi umodzi kuti mliri wa Covid-19 undibweze kumudzi, ndinapitanso kwa bambo uja wa ng'ombe kukamulipira za ngolo imene inatitutira zokolola za m'munda wachitsanzo. Ulendo uno ndinalemba lisiti pamanja, m'zilembo zawo, m'Chibama cholemba, chiganizo chikuthera ndi thi monga Sayama anandiphunzitsira, ndalama ndikuilemba m'manambala komanso m'mawu. Bamboyo anatenga pepalalo, analitalikitsa ndi maso poti magalasi anali m'nyumba, n'kuwerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera. Atafika pa mzere wachitatu anaima, anandiyang'ana, n'kuyang'ananso pepala. Ndinaona kuti akulimbana ndi anade. Pomaliza anaika chala pa liwu lina n'kunena kuti, "Saya, apa mwaika t, pamafunika p." Anaitana mdzukulu wake kuti abweretse pensulo, anakonza yekha chilembocho, kenako anasaina m'munsi mwake.